Ndinatsanzika Lole Isanafike

Malata anga ndinayamba kuwagula kukali zaka zisanu ndi chimodzi kuti ndipume pantchito. Mwezi wina ndinkagula awiri, mwezi wina limodzi, mwezi wa maliro osagula n'komwe. Ndinkawaimika kukhoma m'chipinda changa chogona, m'nyumba ya lendi ku Msongwe, pansi nditaika matabwa kuti chinyezi cha Mzuzu chisawagwiritse dzimbiri. Anzanga a kuofesi ankasunga ndalama kubanki, ine ndinkasunga malata, chifukwa ndinali nditaona kale mmene kwacha imasungunukira munthu uli chigwirire. Malatawo anali a nyumba yanga ya kumudzi kwathu ku Dedza, pamalo pamene malemu mayi anga anali ndi khola la mbuzi. Ana Mulungu sanandipatse, amuna anga anatsogola kalekale n'kukagona kwawo, choncho nyumba imeneyo ndiyo inali chinthu chokhacho chimene ndinkati ndikachipeza kumapeto kwa zaka zanga zonse za m'boma.

Aliyense amene ndamusimbira nkhaniyi amafunsa funso lomwelo: mayi, bwanji kugula malata ku Mzuzu, ngati kuti ku Dedza kulibe sitolo? Wofunsa choncho sanagwirepo m'boma. Mwambo wake unali wakuti munthu akapuma pantchito, amapatsidwa lole yom'tengera katundu wake yense mpaka kumudzi kwawo, iye osalipira kalikonse. Ine ndinkagwira kukaundula, kumene kumasungidwa mafayilo, ndipo makalata opempha lole anadutsa m'manja mwanga ambirimbiri. Ndinaona ndi maso angawa malole akutuluka pageti atasenza mipando, zitseko, matumba a makala, mbuzi zikulira pamwamba. Bambo wina wa ku Ntcheu anakweza ngakhale mitengo ya nthochi yozula ndi dothi lake lomwe. Ndiye ine ndikanalekeranji kugula malata pafupi, pamene ndikhoza kuwaona tsiku ndi tsiku, m'malo motumiza ndalama kumudzi kumene mavuto sasowa? Kunena zoona, ndinkadziyesa wochenjera.

Kutatsala miyezi iwiri kuti ndipume, kalata yanga yopempha lole ndinailemba ndekha. Inasainidwa, inadindidwa, ndipo ndinaiika mufayilo ndi manja anga. Madzulo a tsiku lomwelo ndinaimbira foni achimwene anga, amene anatsala pamudzi ndipo ndiwo amayang'anira mbumba yathu. Ndinawauza kuti aumbitse zidina ndi kuyamba kumanga. Njerwa zowotcha ndi simenti zinali zitandikanika mtengo, ndipo ndinati ndikadzakhazikika ndidzapakitsa pulasitala pang'onopang'ono.

"Achemwali, zidina sizicheza ndi mvula," anatero achimwene. "Tikamanga, denga likhale pafupi."

"Denga lili m'chipinda mwanga muno, achimwene. Lole ikubwera mu Ogasiti."

Ndinalankhula ngati kuti dalaivala wake ndi ine.

Lamulungu lomaliza la Julaye, mpingo unanditsanzika. Ndinali nditapemphera pamenepo zaka zoposa makumi awiri, ndikukhala pabenchi yachitatu kuchokera kutsogolo, pafupi ndi zenera. Anandiimika patsogolo. Amayi anabwera akuvina pamzere, n'kundiveka chitenje chobiriwira paphewa, wina beseni, wina mbale, wina kathumba ka mpunga. Kenako mkulu wa mpingo, bambo wachikulire wa ku Kaning'ina amene anali mphunzitsi kale, anandipatsa kalata yosamukira. Imeneyi ndi kalata imene munthu umakapereka kumpingo wa kumene ukupita kuti akulandire, ndipo ikangolembedwa, dzina lako limachotsedwa m'buku la kuno.

"Mama, mwakhala nafe makora chomene," anatero mkuluyo. "Mukafike bwino, ndipo osatiiwala."

Ndinalira. Atandipatsa mpata wolankhula ndinathokoza aliyense, ndinapepesa amene ndinawalakwira, ndipo pomaliza ndinati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu anaomba m'manja. Mwambi umenewo ndinaukumbukira kambirimbiri m'miyezi yotsatira, ndipo nthawi zonse nkhope inkanditentha.

Sabata yomweyo ndinalongedza. Mbale ndinazikulunga m'manyuzi, makatoni ndinawamanga ndi chingwe n'kulemba pamwamba zimene zili mkati, monga munthu wozolowera mafayilo. Bedi ndinalimasula. Maluwa a m'zitini ndinagawa, nkhuku ziwiri ndinapatsa eni nyumba, mayi wa komweko amene ankakhala m'nyumba yaikulu papoloti lomwelo. Ndinangosiya panja poto mmodzi, mbale imodzi, kapu imodzi ndi mbaula. Eni nyumba nawo sanachedwe, analonjeza nyumbayo kwa banja lina la aphunzitsi kuyambira mu Seputembala. Sindinawaone cholakwa, popeza tsikulo ndinawauza ndine.

Ogasiti atalowa ndinapita kuofesi kukafunsa tsiku lenileni. Bwana wa zamagalimoto anali munthu amene fayilo yake yoyamba ndinatsekula ndine, atabwera ndi jekete lobwereka. Anaimirira atandiona, n'kundikokera mpando.

"Mwawuka uli, mama? Kalata yanu ili bwinobwino, palibe vuto. Vuto ndi fandingi, ndalama yoyendetsera ofesi. Mwezi uno yabwera yochepa, yathera magetsi ndi madzi. Tiyeni tione sabata yamawa."

Mawu akuti sabata yamawa ndinkawadziwa bwino, chifukwa ndinawanena ndekha kwa anthu ambiri pazenera la kukaundula, maso ali pafayilo. Koma ndinkaganiza kuti amanenedwa kwa anthu akunja. Sindinkadziwa kuti ndinali nditasanduka wakunja.

Potuluka ndinazungulira kuseri kwa ofesi kukaiona lole yathu. Inali itakhala pamiyala, matayala awiri akumbuyo palibe, udzu utamera pansi pake. Ndinaima pamenepo nthawi ndithu. Lole imeneyo ndinaiona tsiku limene inafika. Ndinali ndikadali wamng'ono pantchito, ndipo inabwera ndi pulojekiti ina ya ndalama zongongola kunja, pamodzi ndi magalimoto oyera awiri ndi makina olembera atsopano. Tinaimba nthungululu pageti. Zaka zimenezo tinkapita kumisonkhano ya m'mahotela, kudya nkhuku masana, kulandira kaenivelopu madzulo. Ine ndinadya nawo, sindingakane, ndipo nsapato zanga zoyamba zachikopa zinachokera m'kaenivelopu koteroko. Wina akafunsa kuti adzabweza ndani, yankho linali lakuti zidzabwezedwa patsogolo, ndi ana athu. Ine wopanda mwana ndinkaseka kuposa onse.

Kaya ngongole ya lole imeneyo inatha, kaya inali m'gulu la zimene anati atikhululukira, sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti pambuyo pake panabwera zina, ndi zinanso. Bwana wa zamagalimoto uja anandifotokozera ulendo wanga wachitatu, atatopa ndi kundiuza za sabata yamawa. Anati ndalama ikalowa m'thumba la boma, oyamba kutapa ndi amene dziko linawakongola, a kunja ndi a konkuno, ndipo maofesi ngati athu amalandira zokanda m'mbali mwa mphika. Anati chitsulo chimene chinafa m'lolemo sichipangidwa kuno, chimafuna ndalama zakunja, ndipo ndalama zakunjazo ndi zomwezo zikupita kongongole ndi kumafuta. Anati akhoza kubwereka lole kuofesi ina, koma dizilo wake wopita ku Dedza ndi kubwerako athira ndani?

"Ine ndikumva, bwana," ndinatero. "Koma kalata yanga inasainidwa."

"Inasainidwa, mama. Nadi inasainidwa."

Mwezi womwewo nditaimbira achimwene foni, ananena kuti makoma afika pamwamba. Anati akazi a m'mudzi akumaliza kumweta udzu, ndiye bwanji tigule mitolo tifolere kaye, malata akadzafika tidzasasula. Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa ngati ndagwira ntchito m'boma zaka zonsezi kuti ndikagone m'nyumba ya udzu, anthu a m'mudzi azidzanena kuti uja anapita kutauni wabwerako ndi chiyani. Achimwene ndi munthu wosakonda mikangano. Anangoti, "Chabwino, achemwali, nyumba ndi yanu."

Mu Seputembala eni nyumba anandibweretsera munthu. Anali bambo wa kwathu komweko amene amabweretsa kachewere pamsika wa Mzuzu ndi lole yake, n'kubwerera wopanda katundu. Analowa, anawerenga malata ndi chala, anayang'ana makatoni, n'kutchula mtengo. Unali mtengo woti ndikanagulitsa mipando ndi kabati ndikanaukwanitsa. Ndinamuthokoza mwaulemu n'kumuuza kuti boma linditengera. Atapita, eni nyumba anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Mama, pepala silinyamula katundu yayi. Sono munthu wabwera yekha pakhomo, imwe mukumubweza?"

"Ndilipire bwanji chinthu chimene ndi ufulu wanga?" ndinawayankha. "Anzanga onse anawatengera. Ine ndalakwa chiyani?"

Anangogwedeza mutu. Ine ndinawaona ngati munthu wosadziwa kayendedwe ka zinthu za m'boma, ndipo masiku awiri sindinawalankhule bwino. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwambiwo ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, koma tsiku limenelo fayilo inali pafupi ndi mtima wanga kuposa mwambi.

Aphunzitsi aja atafika ndi katundu wawo, eni nyumba anandipatsa kachipinda ka kuseri kamene ankasungiramo makala. Tinasesa, tinakolopa, ndipo malata tinawanyamula awirife, lata limodzilimodzi, iwo kutsogolo ine kumbuyo. Malata anatenga khoma limodzi, makatoni khoma linalo, matiresi anga pakati. Makatoni sindinamasule, chifukwa ndinkati lole ikhoza kubwera tsiku lililonse. M'mawa ndikadzuka, chinthu choyamba kuona chinali chithunzithunzi cha mutu wanga m'lata, chopindika, chopanda maso. Pabwalo pamene ndinkayanika zovala zanga panali patayanikidwa matewera a anthu ena.

Chimene chinandipweteka kwambiri si kachipindako ayi, koma Lamulungu. Munthu amene watsanzikidwa, wavinidwa, walandira beseni ndi chitenje, angabwerere bwanji sabata yotsatira n'kukhala pabenchi yachitatu ngati palibe chachitika? Sabata yoyamba ndinati ndidumphe kamodzi kokha, lole ibwera. Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachisanu zinali zitalimba, chifukwa tsopano ndikanafunika kufotokozanso kumene ndinali masabata anayi aja. Belu likalira ndinkakhala pamatiresi nditavala zovala zapanyumba, kalata yosamukira ili m'Baibulo. Ndinkadziwa nthawi imene kwaya ikuimirira, nthawi ya zolengeza, nthawi imene amayi akutuluka kukaima pansi pa mtengo kugawana nkhani. Ndinali wa mpingo wa ku Dedza umene sunkandidziwa, ndipo kumpingo umene unkandidziwa ndinali nditachoka.

Ndinayesa kamodzi kukalowa tchalitchi china cha ku Lupaso kumene kunalibe wondidziwa. Mapemphero onse anali m'Chitumbuka. Chitumbuka ndimamva, pamsika ndimanenerera nacho mitengo, koma kupemphera nacho sindinaphunzire. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anandipatsa moni wabwino, anandifunsa ngati ndine mlendo, ndipo ndinavomera. Ndinabwerako wapansi, ulendo wautali, mtima uli chimodzimodzi mmene ndinapitira.

Ndinayamba kuyenda ngati wakuba mumzinda umene ndinakhalamo theka la moyo wanga. Ndiwo ndinkagula masana dzuwa lili paliwombo, pamene amayi ambiri ali m'makomo. Njira yodutsa kutchalitchi ndinaisiya, ndinkazungulira ya kumunsi yamatope. Tsiku lina pamsika waukulu ndinaona mayi amene anatsogolera nyimbo pa tsiku londitsanzika, akubwera cha kumene ndinali. Ine, mayi wa imvi, wopuma pantchito m'boma, ndinabwerera m'mbuyo n'kunjuta kuseri kwa matumba a usipa, n'kumachita ngati ndikumanga nsapato yopanda zingwe. Wogulitsa usipayo anangondiyang'ana. Nditafika kunyumba ndinaseka ndekha, kenako kusekako kunasanduka zina.

Ndinali ndekha, ndipo ndinene mosabisa kuti zinkawawa. Foni inkatha masiku atatu osalira. Anzanga a kuofesi anali atandichitira kale phwando lawo, ndipo ndikafika kukafunsa za lole ankandipatsa moni wachangu, maso ali pakompyuta, monga mmene ndinkachitira ine ndi opuma anzathu akale. Masiku ena mawu okhawo otuluka pakamwa panga anali oyankha eni nyumba m'mawa, kuti tawuka makora, kwali imwe. Ndinayamba kulankhula ndi wailesi. Wowerenga nkhani akati nthumwi za obwereketsa ndalama zafika m'dziko muno kudzakambirana ndi boma, ine ndinkamuyankha kuti auze nthumwizo kuti ku Msongwe kuli malata akudikira. Kale nkhani zoterezi ndinkazitseka n'kufuna nyimbo. Tsopano ndinkamvetsera mpaka kumapeto, ngati kuti atchula dzina langa.

Chakumapeto kwa Okutobala mafuta anasowa mumzinda. Mizere ya magalimoto inkayambira pamalo omwetsera mafuta mpaka kukhota msewu, madalaivala atatsekula zitseko, miyendo ili panja. Posakhalitsa tinamva kuti kwacha yachepetsedwa mphamvu. M'masitolo anayamba kufufuta mitengo, ena anatseka n'komwe kudikira kuti aone kumene zinthu ziimire. Kumwamba kunali kutayamba kuchita mitambo masana. Apa ndiye kunyada kunandithera, ndinapita kukamufuna bambo wa kachewere uja.

Ndinamupeza pamzere wa dizilo, atakhala pamthunzi wa lole yake akudya chinangwa. Anati ndi tsiku lake lachitatu pamenepo. Anandikumbukira, ndipo sanandinyoze, ngakhale akanatha kutero.

"Mayi, mtengo uja unapita ndi mwezi wake," anatero. "Dizilo ndikamupeza pano ndi mwayi, apo ayi ndigula wa m'zigubu. Komanso pobwerera masiku ano sindipita wopanda kanthu, anthu akulimbirana malo."

Mtengo umene anatchula sukanakwanira ngakhale ndikanagulitsa mipando, kabati, bedi ndi wailesi yomwe. Ndalama zanga zopumira nazo zinali zisanatuluke, yankho lake lomwelo la sabata yamawa. Ndinaganiza zogulitsa malatawo kuti ndikagule ena ku Dedza. Ogula a ku Mzuzu ankawatenga ngati ogwiritsidwa kale ntchito, pamene achimwene atakafunsa kwathu anapeza kuti mtengo wa m'mawa si wa masana. Ndikanagulitsa onse, sindikanagulanso ngakhale theka. Malata anga anali atakwera mtengo ali chiimire kukhoma, moti papepala ndinali wolemera kuposa kale, koma ndinalibe njira yowasunthira ngakhale kufika pamsewu.

Ndinaimbira achimwene, mawu anga atatsika.

"Achimwene, udzu uja."

"Udzu uti, achemwali? Tchire linapsa kalekale. Amene ali nawo afolera nyumba zawo."

Sanandikumbutse kuti anandiuza, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira. Anayesa kuyala mapepala apulasitiki pamwamba pa makoma n'kutsendereza ndi miyala. Mphepo ya ku Dedza si yocheza nayo, inawang'amba sabata yomweyo.

Mvula ya ku Mzuzu ikayamba imakhala ngati yaiwala kwawo. Kachipinda kanga kanali ndi denga lotsika, ndipo ikagwa masana phokoso lake linkadzaza chipinda chonse. Ndinkakhala pamatiresi, malata ouma bwinobwino ali pambali panga, maganizo ali pamakoma amene ali pamtetete kutali. Ikangokata ndinkaimba foni.

"Kumeneko yagwa?"

"Yangowaza, achemwali."

Tsiku lililonse inkangowaza. Ndinadziwa kuti akundinamiza pamene ndinamva mabingu m'foni momwemo iwo akunena kuti kunja kuli dzuwa. Sindinawatsutse. Tinapitiriza choncho Disembala yense, iwo akunama mwachikondi, ine ndikuvomera. Khirisimasi ndinadya ndi eni nyumba, amene anandiitana osandifunsa kalikonse, ndipo pobwerera kukachipinda anandipatsa mpunga wina m'mbale yovundikira. Ndinati yewo chomene, ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima.

Mu Januwale kwathu kunagwa mvumbi wa masiku ambiri. Foni inalira masana ndikutsuka poto, ndipo nditaona kuti oimba ndi achimwene ndinadziwiratu, chifukwa iwo saimba, amangoflasha kuti ndiimbe ndine.

"Achemwali, khoma la kumadzulo lagona."

"Enawo?"

"Enawo aima, koma anyowa mpaka mkati."

Patapita masiku awiri anaimbanso. Anati enawo agonanso, koma palibe amene wavulala, ndipo mafelemu a mazenera awachotsa m'matope n'kuwasunga m'nyumba mwawo. Ndinawathokoza chifukwa cha mafelemuwo. Nditadula foni ndinamaliza kutsuka poto, ndinamupukuta, ndinamuika pamalo pake, kenako ndinakhala pansi nditatsamira malata. Anali ozizira kumsana. Mvula ikakuona litsiro siikata, koma sindinganamizire mvula yokha. Udzu ndinaukana ndine, lole ya kachewere ndinaibweza ndine. Komanso sindine ndinaika lole ija pamiyala, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti mkwiyo wanga ndiugawe bwanji pakati pa ine mwini ndi anthu amene sindidzawaona, amene anasaina mapepala akuluakulu kuposa anga.

Kuofesi sindinapitenso. Ngakhale lole ikanabwera tsiku limenelo, ikanakatsitsa malata pamulu wa dothi, ine n'kukapempha pogona m'nyumba ya achimwene ya zipinda ziwiri, mmene muli kale anthu asanu ndi awiri. Ndinamasula katoni yoyamba, ya mbale, kenako ya zovala. Pansi pa zovalazo panali chitenje chobiriwira chija, chikadali ndi mapindidwe ake a m'sitolo.

Lamulungu lina mu Febuluwale ndinachivala. Ndinatenga Baibulo ndi kalata ija, n'kudutsa njira ya kumtunda imene ndinaisiya miyezi isanu ndi umodzi. Ndinalawirira kuti ndikapeze mkulu wa mpingo ali yekha m'kachipinda ka akuluakulu anthu asanachuluke. M'njira monse ndinkakonza bodza. Ndinati ndikanena kuti ndinapita, koma ndabwerera kudzalondola mapepala a penshoni, ndipo ndikhala kanthawi. Linali bodza labwino, loti aliyense wodziwa za m'boma akanalikhulupirira.

Ndinawapeza akukonza mabuku patebulo. Anakweza maso, anavula magalasi, n'kuimirira.

"Monire, mama."

"Yewo, dada."

Ndinaika kalata patebulo, enivelopu yake itada m'mbali chifukwa chogwiridwagwiridwa. Bodza lija linakana kutuluka.

"Dada, ine sindinachoke. Lole sinabwere. Nyumba ya kumudzi yagwa. Ndabweza kalata yanu."

Anayang'ana kalatayo, kenako ine.

"Timadziwa, mama."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino.

"Timadziwa kuyambira kale," anatero. "Amayi anakuonani pamsika, kumatumba a usipa. Ena amakuonani mukudutsa njira ya kumunsi. Tinakhala pansi, tinakambirana chomene. Ena amati tipite tikawaone. Sono tinati, munthu akubisala, ife tikafika pakhomo tiwachititsa soni. Tinati tiwasiye, adzabwera okha. Sabata iliyonse timakupemphererani, kungoti dzina sititchula."

Miyezi isanu ndi umodzi ine ndili pamatiresi kumvera belu, kuopa kuwachititsa manyazi anthu amene anandivinira, iwonso ali pano kuopa kundichititsa manyazi ine. Ulendo wake ndi wa mphindi khumi ndi zisanu wapansi. Ndinafuna kukalipa, kuwafunsa kuti ndikanadwala m'kachipinda muja akanadikirabe kuti ndibwere ndekha? Koma amene anayamba kubisala ndinali ine, ndipo iwo anangolemekeza zimene ndinasankha. Misozi inatsika, ndipo mkuluyo anayang'ana kuzenera mpaka nditamaliza.

Kenako anatsekula buku la mpingo. Dzina langa linali pamalo pake akale, litadulidwa ndi mzere wowongoka bwino wa rula. Anatembenuza masamba mpaka kumapeto, kumene amalemba obwera kumene, n'kulilemba pansi pa dzina la mtsikana wina amene anafika mwezi wathawo. Pamalo polemba kumene munthu wachokera, cholembera chinaima m'malere kanthawi. Ine wa kukaundula ndinkayang'anitsitsa kuti alemba chiyani. Anasiya osalemba, n'kutseka bukulo.

Pabenchi yachitatu, pafupi ndi zenera, panali patakhala mayi wina amene sindinkamudziwa, ndi ana ake awiri. Ndinakakhala kumbuyo. Potuluka amayi anandipatsa moni mmodzimmodzi, mwachikondi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anayang'ana chitenje chimene ndinavala.

Ndikadali m'kachipinda kaja. Bedi ndinalimanganso, ndipo kuti likwane ndinagulitsa kabati. Malata ali pomwe tinawaimika, ndimawapukuta kamodzi pamwezi. Achimwene akuti tikhoza kuumbanso, koma ulendo uno njerwa zowotcha, ndipo ine ndimavomera kuti inde, tiona chaka chamawa.

Mu Epulo wa chaka chimene nyumba inagwa, achimwene anaflasha, ndinaimba. Anati pamene panagwa nyumba pamera maungu okha, popanda wodzala, chifukwa cha manyowa a khola la amayi lija. Anati ayanga mulu wonse, ndipo abereka kwambiri cha pamene panayenera kukhala chipinda changa chogona. Sanathyole ngakhale limodzi, poti malowo ndi anga, ndiye amafuna amve kwa ine.

Ndinawauza kuti athyole adye ndi ana, asadikire ine.